Kodi mapiritsi ogonetsa angamuyendetse munthu usiku iye osadziwa?

Mayi a Chisomo, Nchalo
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa masabata atatu tsopano, ndipo ndalimba mtima kuilemba chifukwa ndikudziwa kuti pakati pathu pali ogwira ntchito zachipatala komanso akuluakulu amene aona zambiri. Bambo a kunyumba kwathu amagwira ntchito yosinthana, sabata ino usana, sabata yamawa usiku, ndipo chiyambire Okutobala, pamene kutentha kwa kuchigwa kuno kwafika poipa, tulo tinawathawa. Akaweruka m'mawa n'kugona m'nyumba ya malata, amangotembenuka pamkeka thukuta lili kamukamu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ikafika sabata yogona usiku thupi limakhala litasokonezeka kale. Mlamu wanga amene amakhala ku Johannesburg atabwera kudzationa anawamvera chisoni, nawasiyira kapaketi ka mapiritsi amene iye amamwa akasowa tulo. Pakapaketipo palembedwa kuti zolpidem 10 mg.

Masiku atatu oyamba anagona bwino, ndipo tonse tinathokoza. Usiku wachinayi ndinadzidzimuka cha m'ma 1 koloko nditamva fungo la chinthu chopserera. Ndinawapeza kukhitchini atakoleza mbaula, akukazinga mazira m'chiwaya chopanda mafuta, maso ali otsegula koma osandiona. Nditawafunsa chimene ankachita anayankha mawu osamveka, anadya mazirawo ali otentha, n'kubwerera kukagona makala akuyakabe. M'mawa anakana kwamtuwagalu, mpaka anakalipira ana kuti ndiwo amaliza mazira. Lachinayi lapitali zinafika poopsa. Anatuluka ndi njinga pakati pa usiku atavala kabudula yekha, opanda nsapato, ndipo mlonda wina anawapeza ataima m'mbali mwa ngalande yothirira nzimbe, nawaperekeza kunyumba. Iwo sakukumbukira kalikonse, ngakhale bala la kuphazi sakudziwa kuti analitenga kuti.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti anthu oyandikana nafe ayamba kunong'onezana kuti bambowa amatamba, ndipo mayi wina waletsa ana ake kusewera ndi Chisomo. Apongozi anga akuti tipite kwa sing'anga. Ine mtima wanga ukukayikira mapiritsiwa, chifukwa pa zaka 14 zimene takhala m'banja sindinaonepo zoterezi. Kodi n'zotheka kuti mankhwala ogonetsa angamuyendetse munthu usiku?

Bambo a Madalitso, Ngabu
Pepani kwambiri, mayi, pa zimene zakugwerani, ndipo mwachita bwino kuyankhula m'malo mofera mumtima. Komabe ndinene zoona kuti ine zikundivuta kumvetsa. Piritsi limene ntchito yake ndi kugonetsa lingamudzutse bwanji munthu, n'kumupalasitsa njinga? Ana oyenda ali m'tulo ndawaona, ndipo mwana wanga wachiwiri ankadzuka n'kukaima pakhomo ali ndi zaka 7, kenaka anasiya yekha atakula. Koma munthu wamkulu wa banja lake, wokoleza moto ndi kukazinga mazira, sindinamvepo. Sindikunena kuti oyandikana nanuwo akulondola, ayi, koma ndikuona kuti si bwino kunyoza mawu a apongozi anu musanadziwe gwero la vutoli.

Anamwino, Nsanje
Mayi a Chisomo, yankho la funso lanu ndi lakuti inde, n'zotheka, ndipo zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi vuto lodziwika la mankhwala amenewa. Ndikupemphani kuti usiku uno bambo asamwenso piritsilo. Mawa mupite nawo kuchipatala mutatenga kapaketiko ndi kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo inu mulowe nawo kwa adokotala, chifukwa iwo sangafotokoze zimene sakuzikumbukira. Mboni ndinuyo. Mukanene tsiku limene anayamba kumwa, nthawi imene amamwera, chimene anachita usiku uliwonse, komanso mankhwala ena alionse amene akumwa.

Ndikulimbikira zopita kuchipatala ngakhale kuti ndikukhulupirira kuti vuto ndi piritsili, chifukwa pali matenda ena amene amamuchititsa munthu zachilendo usiku. Khunyu lina limagwira munthu ali m'tulo osamugwetsa pansi, shuga akatsika kwambiri mwa munthu amene akumwa mankhwala a shuga amasokoneza mutu, ndipo malungo aakulu nawo amabwebwetetsa. Adokotala ayenera kuona zonsezi ndi maso awo, osati ife pafoni. Pakadali pano, tsekani chitseko ndi loko n'kusunga makiyi inuyo, mangani njinga, chotsani zikwanje ndi machesi pafupi, ndipo mbaula izizimitsidwa ndi madzi musanagone.

Achimwene a kufamase, Blantyre, kwathu kwa Chapananga
Ndikugwirizana ndi anamwino, ndipo ndiwonjezere zimene zinalembedwa kale za mankhwalawa kuti bambo a Madalitso aone kuti nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a ntchito yathu. Zolpidem anavomerezedwa ku America mu 1992, ndipo kumeneko amagulitsidwa pa dzina lakuti Ambien, pamene m'mayiko ena amatchedwa Stilnox. Ali ndi abale ake, zopiclone, eszopiclone ndi zaleplon. Mu 2007 bungwe la FDA, limene limayang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linauza opanga mankhwala ogonetsa kuti alembe chenjezo lakuti anthu ena amayendetsa galimoto, kuphika, kudya kapena kuimba foni ali m'tulo, n'kudzuka osakumbukira. Mu 2008 dziko la Australia linaika chenjezo lalikulu pa zolpidem pa chifukwa chomwechi.

Kenaka pa 30 Epulo 2019 bungwe la FDA linalamula kuti zolpidem, eszopiclone ndi zaleplon azikhala ndi chenjezo lolembedwa m'bokosi, lomwe ndi chenjezo lalikulu kuposa onse amene bungweli limaika pa mankhwala. Linachita izi litaunika nkhani za anthu 66 amene anavulala kwambiri kapena kumwalira m'zaka 26, ndipo mwa iwo 20 anamwalira. Ena anamira m'madzi, ena anagwa, ena anachita ngozi akuyendetsa galimoto, ena anafa ndi kuzizira panja, ndipo ena anafa ndi mpweya wapoizoni wa mtundu womwewo umene umatuluka m'makala oyaka m'nyumba yotseka. Ndatchula mpweya umenewu dala chifukwa cha mbaula imene mwanena, mayi. Chiwerengerochi n'chochepa tikayerekeza ndi mamiliyoni a anthu amene anamwapo mankhwalawa osaona vuto, koma lamulo limene linatuluka ndi lomveka: munthu amene zamuchitikirapo kamodzi sayenera kupatsidwanso mankhwala amenewa. Bungweli linanenanso kuti zimachitika ngakhale pa mlingo wochepa, ngakhale atangomwa kamodzi kokha, ndiponso ngakhale munthu sanalawe mowa.

Bambo a Madalitso, Ngabu
Zikomo achimwene, zaka ndi ziwerengero ndaziona, ndipo sindingatsutse zimene zinalembedwa. Koma funso langa likadali pomwepo, ndipo ndikufunsa kuti ndikathe kuwafotokozera ena amene sali pagulu pano. Ngati munthuyo ali m'tulo, ndani akuona njira? Ndani akudziwa pamene pali machesi?

Anamwino, Nsanje
Funso limeneli ndi loyenera, bambo, ndipo ndilo limene limawafikitsa anthu ambiri pa maganizo a ufiti. Ife timaganiza kuti munthu amakhala ali maso kapena ali m'tulo basi, ngati nyale imene yayaka kapena yazima. Koma ubongo uli ndi zigawo zambiri, ndipo sizigona kapena kudzuka nthawi imodzi nthawi zonse. M'maola oyambirira a usiku munthu amalowa m'tulo tofa nato, ndipo nthawi zina chigawo choyendetsa miyendo ndi manja chimadzuka pamene chigawo choganiza, kuweruza chabwino ndi choipa, ndi kusunga zokumbukira chikadali chigonere. Thupi limachita zimene linazolowera, monga kutsegula chitseko, kukoleza moto kapena kupalasa njinga pa njira imene limadutsa tsiku ndi tsiku, koma mwini wake woti anene kuti apa pali ngozi palibe. Izi ndi zomwezo zimene zinkamuchitikira mwana wanu uja, chifukwa ana amakhala ndi tulo tofa nato tambiri kuposa akuluakulu.

Mankhwala ngati zolpidem amagwira ntchito powonjezera mphamvu ya GABA, chinthu cha m'ubongo chimene chimachepetsa liwiro la mauthenga a m'mitsempha. Akatero amagonetsa, komanso amalepheretsa ubongo kusunga zimene zikuchitika mankhwala ali m'thupi. N'chifukwa chake bambo aja anakalipira ana pa nkhani ya mazira. Sananame, mayi, ndipo musawasungire mangawa. Kwa iwo usiku umenewo kulibe.

Mayi a Chisomo, Nchalo
Ndawerenga zonse misozi ili m'maso, makamaka mawu akuti sananame, chifukwa ndinawakwiyira masiku awiri ndikuganiza kuti akundibisira china chake. Pali zinthu zina zimene sindinanene poyamba chifukwa cha manyazi. Lachinayi lija anabwera atamwako pang'ono ndi anzawo, osati mpaka kuledzera. Komanso amamwa piritsilo tikangodya nsima cha m'ma 7 koloko, kenaka amakhala panja kudikira kuti m'nyumba muzizireko, mwina mpaka 10 koloko. Ndawerenganso mapiritsi otsala, ndipo ndapeza kuti awiri akusowa kuposa masiku amene amwa, koma iwo akuti sanamwepo awiri tsiku limodzi.

Achimwene a kufamase, Blantyre
Musachite manyazi, mayi, chifukwa zinthu zitatu zimene mwawonjezerazi n'zimene adokotala adzafune kumva. Mowa, kaya ndi wa m'botolo, kachasu kapena uchema, umagwira malo omwewo a m'ubongo amene piritsili limagwira, kotero ziwirizi zikakumana mphamvu yake imakula. Chachiwiri, zolpidem amayamba kugwira msanga, mwina pasanathe theka la ola, ndipo malangizo ake amati munthu amwe pamene akukagona pomwepo, ali ndi maola 7 kapena 8 oti agone. Kumwa n'kukhala panja maola atatu ndi kumuika munthu pakati pa tulo ndi maso, pamene pali ngozi yonse. Za mapiritsi awiri osowawo, n'zodziwika kuti munthu amatha kudzuka n'kumwanso lina osadziwa, ndipo m'mawa amakana ndi mtima wonse. Otsalawo musawasiye pamene angawafikire, ndipo musapatse munthu wina aliyense. Mlamu wanu anachita mwachifundo, koma mankhwalawa amaperekedwa ndi chilolezo cha dokotala amene wamuona munthuyo, ndipo chimene chamuyanja wina chikhoza kumuvulaza mbale wake.

Aphunzitsi, Bangula
Ine ndikufuna kuyankhula za mbali ya anthu onong'onezanawo, chifukwa ndinaona ndi maso anga kumene manong'onong'o otere amathera. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, azakhali anga a zaka zoposa 70 anataya nyumba ndi mbuzi zawo zonse, nakhala miyezi pamsasa. Madzi ataphwa iwo sanapezenso tulo, chifukwa akangotseka maso ankamva mkokomo wa madzi. Mdzukulu wawo anawagulira timapiritsi kwa munthu wina wogulitsa pamsika, amene anangotikulunga m'kapepala popanda dzina, ndipo pambuyo pake achipatala anatiuza kuti anali diazepam. Patapita masabata angapo azakhali anayamba kudzuka usiku n'kumazungulira nyumba za eni, tsiku lina atavula nsalu chifukwa cha kutentha, ndipo anapezeka mbandakucha atakhala pakhomo la banja limene mwana wake ankadwala.

Simufunika kuuzidwa zimene anthu ananena. Mayi wokalamba, wamasiye, wopezeka pakhomo la eni usiku ali wosavala, kwathu kuno mlandu wake umakhala utagamulidwa kale asanatsegule pakamwa. Anyamata anasonkhana ndi miyala, ndipo chimene chinawapulumutsa ndi anyakwawa amene anaima pakati, komanso mlangizi wa zaumoyo amene anafunsa funso limene ife achibale sitinaliganize, lakuti kodi agogowa akumwa chiyani. Ndikufuna anthu adziwe kuti lamulo la dziko lino lokhudza ufiti, la mu 1911, limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo wonena akhoza kuimbidwa mlandu. Koma lamulo limafika mochedwa pamene miyala yaponyedwa kale, ndiye ndikukupemphani, mayi a Chisomo, kuti nkhani ya oyandikana nanuyo musaisiye kuti izime yokha.

Achimwene a kufamase, Blantyre
Aphunzitsi, nkhani ya azakhali anu ndi yomvetsa chisoni, ndipo yatifikitsa pa mankhwala amene ali pafupi ndi anthu athu kuposa zolpidem. Diazepam, amene ambiri amamudziwa kuti Valium, ndi mankhwala ofunika kwambiri m'zipatala, makamaka poletsa kukomoka, koma amakhalitsa m'thupi kupitirira tsiku, ndipo akamamwedwa usiku uliwonse amaunjikana. Mwa okalamba amabweretsa kusokonezeka mutu, kuiwala ndi kugwa, ndipo nkhalamba ikathyoka fupa la m'chiuno nthawi zambiri siyendanso ngati kale.

Apa ndikufuna kuti tisasakanize malangizo. Munthu amene wayenda ali m'tulo atamwa zolpidem amauzidwa kuti asiye pomwepo n'kukaonana ndi dokotala. Koma munthu amene wakhala akumwa diazepam tsiku lililonse kwa masabata ambiri asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa thupi limakhala litazolowera, ndipo akhoza kunjenjemera, kusoweratu tulo, ngakhale kukomoka. Ameneyo achipatala amamuchepetsera pang'onopang'ono. Ogulitsa mankhwala amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe la PMRA, limene limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo piritsi lokulungidwa m'kapepala pamsika palibe amene angakuuzeni dzina lake, mlingo wake, kapena ngati linatha ntchito. Ndinenenso za Piriton ndi Phenergan, amene anthu ena amamwa kapena kumwetsa ana kuti agone: Piriton si mankhwala a tulo, ndipo Phenergan ndi woopsa kwa ana osakwana zaka ziwiri.

Bambo a Yamikani, Dyeratu
Ine ndimayendetsa minibasi pakati pa Nchalo ndi Blantyre, ndipo ndimanyamuka 4 koloko m'mawa. Anzathu ena amamwa mapiritsi kuti agone msanga nyengo yotentha ino. Munthu wotereyu ngakhale sanayende usiku, kodi mutu wake umakhala bwino pokwera ndi kutsika zitunda za Thabwa ali ndi anthu m'galimoto?

Achimwene a kufamase, Blantyre
Umakhala usanayere, bambo, ngakhale iye mwini akudzimva kuti ali bwino. Mu Januwale 2013 bungwe la FDA linatsitsa mlingo wa zolpidem wa amayi kuchoka pa 10 mg kufika pa 5 mg, chifukwa linapeza kuti m'mawa mankhwalawa amakhala akadali m'magazi a anthu ena mokwanira kusokoneza kuyendetsa galimoto, ndipo linalangiza kuti abambo nawo aziganiziridwa mlingo wochepawo. Munthu amene wamwa 10 koloko usiku n'kugwira chiwongolero 4 koloko sanakwanitse n'komwe maola 7 aja. Diazepam ndiye amachedwa kutha kuposa pamenepo.

Agogo a Tamandani, Muona
Ana anga, ine ndili ndi funso lina. Tinakula tikuuzidwa kuti munthu woyenda ali m'tulo sadzutsidwa, chifukwa mzimu wake umakhala uli kutali ndipo ukamudzidzimutsa sabwereranso. Koma kuno kutsidya nyengo ino ambiri timagona panja, mtsinje wa Shire ndi madambo ake zili pafupi, ndipo ng'ona ndi mvuu zimayenda usiku. Munthu akalunjika kumadzi, tizingomuyang'ana?

Anamwino, Nsanje
Ayi agogo, musamuyang'ane chabe. Kumudzutsa munthu woyenda ali m'tulo sikupha. Chimene makolo anaona n'chakuti munthu wotere akadzutsidwa mwaukali amasokonezeka, amachita mantha, ndipo akhoza kumenya amene wamugwira osadziwa kuti ndi mkazi wake kapena mwana wake. Choncho ngati palibe ngozi pafupi, muyandikireni modekha, mutchuleni dzina motsitsa mawu, mumugwire pamkono n'kumutembenuzira kumene amagona, ndipo nthawi zambiri amatsatira. Koma ngati walunjika kumadzi, kumoto kapena kumsewu, mugwireni ndi kumudzutsa, ndipo itanani wina akuthandizeni. Kwa banja la mayi a Chisomo, ndikudziwa kuti m'nyumba mukutentha ngati uvuni, koma masiku angapo akubwerawa bambo agone m'kati chitseko chili chokhoma, mawindo okha ndiwo atsegulidwe, ndipo neti ikhale yomangidwa.

Ndiyankhenso munthu wina amene wandilembera kumbali, amene sindimutchula dzina, wofunsa ngati maloto oopsa amene ankalota atayamba mankhwala otalikitsa moyo ndi vuto lomweli. Si lomweli. Efavirenz, amene anali m'mankhwala amene ambiri ankalandira dziko lino lisanayambe kusinthira ku dolutegravir mu 2019, amadziwika ndi maloto achilendo ndi chizungulire, ndipo dolutegravir amasowetsa tulo anthu ena, n'chifukwa chake ambiri amalangizidwa kumwa m'mawa. Mankhwala amenewa sasiyidwa chifukwa cha tulo, ndipo musawonjezerepo mapiritsi ogonetsa panokha. Kafotokozeni kumene mumalandirira.

Bambo a Madalitso, Ngabu
Ndamva, ndipo ndikuvomereza kuti ndinalankhula ndisanadziwe. Mayi a Chisomo, ngati apongozi anu angamve bwino mawu ochokera kwa munthu wa msinkhu wawo, ndili wokonzeka kuyankhula nawo pafoni, ndiwauze za mwana wanga uja ndi zimene anamwino afotokoza. Chimene chikundidetsabe nkhawa n'chakuti bambowo adzabwerera ku kusowa tulo kumene kunayambitsa zonsezi, pamene ntchito yosinthana ikupitirira ndipo mvula sinagwe.

Mayi a Chisomo, Nchalo
Papita masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndabwera kudzakuuzani mmene zilili. Tinapita kuchipatala monga munanenera. Adokotala anawayeza malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, anatsuka bala la kuphazi, anasunga mapiritsi otsala, ndipo analemba m'kabuku ndi zilembo zazikulu kuti asadzapatsidwenso zolpidem kapena abale ake. Anawauza kuti asiye tiyi wa madzulo ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene ankamwa kuntchito, kuti asiye mowa pofuna tulo, ndiponso kuti azigona ndi kudzuka pa nthawi imodzimodzi mmene ntchito ingalolere. Chiyambire tsiku limenelo sanayendepo ali m'tulo ngakhale kamodzi. Zoona zake n'zakuti akugona pang'ono, mwina maola anayi, ndipo masiku awiri oyamba sanagone n'komwe, koma adokotala anatichenjeza kale kuti zimatero munthu akangosiya. Ndimanyowetsa chitenje n'kuchipachika pawindo, ndipo sabata ya usiku ikadzafika tagwirizana kuti azikagona masana kwa mlongo wawo, amene nyumba yake ndi yaudzu.

Apongozi anayankhula ndi bambo a Madalitso, ndipo za sing'anga sakuzitchulanso. Nkhani ya oyandikana nafe ndiyo sinathe. Mayi uja akuletsabe ana ake, ndipo dzulo Chisomo anabwera kuchokera kusukulu akulira chifukwa anzake anamufunsa ngati bambo ake amauluka. Ndinapita kwa anyakwawa monga aphunzitsi analangizira, ndipo akuti aitanitsa mabanja onse Loweruka, mlangizi wa zaumoyo ali pomwepo. Vuto ndi lakuti bambo a Chisomo sanavomere kuti nkhani ya thupi lawo ikambidwe pabwalo, akuti akuopa kuti ikafika kuntchito adzayesedwa odwala mutu. Anamwino, kodi mungandilole kuti ndikawerenge pabwalopo mawu anu aja a zigawo za ubongo, popanda kutchula dzina lanu, ngati iwo atavomera pofika Lachisanu?